Taco pa mbaula: mmene hafu kilo ya minsi ingadyetsele nyumba yonse

Ikakwana 13 hours pa Mungwi Road, fumbi limasakanizana na fungo la saladi yotentha. Mageti a makampani atseguka, anyamata a ma ovolosi atuluka m'magulu, ena unga uli mbuu m'tsitsi, ena manja ali bii na gilizi. Pakati pa mathilaki amene ali pa mzele kuyembekeza katundu, azimai akhala kale na mabaketi awo: vitumbuwa, masamusa, mazila ophika, soseji. Amene ali na nthawi alowa mu kantini ya malata kukadya nsima na chibwabwa. Koma ambili nthawi alibe. Munthu wa piecework, uja wotsitsa matumba, akakhala pansi kuyembekeza kuti nsima ipse, thilaki ina yamupita, na ndalama yapitila pamodzi.

Munthu uyu anachoka ku George olo ku Kanyama kukali mdima, mwina anayenda pansi kuti asunge ya basi. Chimene afuna masana ni chinthu chotentha, chogwila na dzanja limodzi, chomveka nyama pakamwa, komanso chosasiliza ndalama ya ndiwo za kunyumba.

Anthu a ku Mexico vuto ili analipezela yankho kale. Dzina lake ni taco: kachapati kang'ono kopyapyala, pakati kaikidwa nyama yokometsela, anyezi na mpilipili, kenako kapindidwa pakati. Ine ninaiona koyamba mu basi ya ku Matero, pa foni ya mtsikana amene tinapanikizana naye pa mpando wa kumbuyo. Kondakita posonkhetsa ndalama anasuzumila, n'kunena kuti iyo ni shawarma imene wophika anaiwala kutseka. Basi yonse inaseka. Ine ninatsika na funso: kodi chinthu ichi chingatheke pa mbaula, na ndalama ya mu komboni? Nayesa kangapo. Chitheka, koma pali zofunika kudziwa, maka-maka pa nkhani ya minsi.

Chakudya cha anthu a nchito

Ku Lusaka kuno taco tiiona monga chakudya cha apamwamba, cha m'malesitilanti a kumayadi. Kwawo ku Mexico ni chakudya cha pamsewu. Katswili wa mbili ya zakudya, Jeffrey Pilcher, amene analemba buku la Planet Taco mu 2012, aganiza kuti dzinali linachokela ku migodi ya siliva ya m'zaka za m'ma 1700, kumene liwu lakuti taco linali kutanthauza kapepala kokulungilamo wonga wophulitsila miyala. Mpaka lelo ku Mexico City kuli anthu oyenda pa njinga na dengu la ma taco a mapotato na binzi, ofunditsidwa na nsalu kuti asazizile, kugulitsa kwa anthu a nchito. Sasiyana na amai a baketi a pa Mungwi Road.

Ndipo kondakita uja sanaphonye kwambili. Mtundu wina wotchuka, tacos al pastor, unachokela ku shawarma imene anthu a ku Lebanon anabwela nayo ku mzinda wa Puebla cha m'ma 1930. Koma taco ya minsi, imene imaoneka kwambili pa mafoni, inatchukila ku America. Glen Bell anatsegula Taco Bell yoyamba mu 1962 ku Downey, pafupi na Los Angeles, mzinda womwe uja umene dzina lake lili pa msewu wopita ku Kanyama. Eni ake ku Mexico minsi amaiphika m'njila imene amaitcha picadillo, yosakaniza na mapotato na makaloti. Mai aliyense amene anachulukitsapo ndiwo kuti zikwanile ana adziwa chifukwa chake.

Chinanso, zambili zofunika pa taco tili nazo kale pa Soweto Market. Chimanga chinayamba kulimidwa kum'mwela kwa Mexico zaka pafupi-fupi 9,000 zapitazo, ndipo chinafika ku Africa na zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Tomato, binzi, mpilipili na kotapela, zonsezi kwawo ni ku America komweko. Mbale yathu ya masiku onse ni yachibale na yawo.

Minsi sikhululuka

Tiyambe na nyama, chifukwa ni pamene pali ndalama, ni pamenenso pali ngozi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anafika pothima mpaka maola 21 pa tsiku. Nthawi imeneyo ninagula hafu kilo ya minsi pa butchala ina pa Chisanu cha month end, n'kuiika mu filiji kuti nikaphike pa Chiwelu madzulo. Malaiti anapita usiku, sanabwele. Potsegula pepala mawa lake, fungo linanilandila. Anti anga anati tiitsuke na viniga, ine ninakana, tinataya. Tsiku ilo tinadya soya pieces, aliyense ali duu.

Nthuli ya nyama ikanapililako pang'ono, koma minsi ayi. Chifukwa chake ni ichi. Pa nthuli, tuzilombo toyambitsa matenda tumakhala kunja, ndipo moto ukakhudza kunjako tumafa. Makina ogayila nyama amatenga za kunja zija n'kuzisakaniza mpaka mkati mwa kachidutswa kalikonse. Nyama yogaya ilinso na malo ambili okhudzana na mphepo, motelo imaola msanga. Ku America mu 1993 anthu oposa 700 anadwala ndipo ana anayi anamwalila chifukwa cha kachilombo ka E. coli kochokela ku ma hamburger osapsa bwino a ku Jack in the Box. Akatswili a zaumoyo amati minsi ipse mpaka madigili 71 mkati mwake. Ife mu komboni tilibe choyezela, choncho lamulo lathu likhale lakuti iwile bwata-bwata kwa mphindi zosachepela 10. Osadalila mtundu chabe, chifukwa minsi ingade kunja mkati isanapse.

Pogula, njila yabwino ni kusankha nthuli mwekha na kupempha a butchala kuti akugayileni muli pomwepo. Mwatelo mwaona chimene chalowa mu makina. Minsi yogayidwa kale imabisa zambili: sionetsa ngati ni ya lelo olo ya dzana, sionetsa ngati ng'ombe inaphedwa olo inafa yokha. Kumapeto kwa 2023 anthrax inavuta m'dziko muno, maka-maka ku Sinazongwe, ndipo ambili amene anadwala anali atagwila olo kudya nyama ya ziweto zofa zokha. Nyama imene yapimidwa imakhala na chidindo cha a zaumoyo. Yochipa modabwitsa, yobwela m'thumba madzulo, isiyeni ipite.

Sankhani yokhala na mafuta pang'ono, monga gawo limodzi pa magawo asanu. Yopanda mafuta imauma monga utuchi, ya mafuta maningi imasungunuka n'kukusiyani na theka la zimene munalipila. Ikhale yozizila pogwila, yosanunkha, yosatelela. Ndipo igulidwe pomaliza, mutasiliza zina zonse mu town. Minsi imene yakhala pa miyendo mu basi, pa jamu ya Lumumba Road, mwezi wa October, yayamba kale ulendo wake woola. Mukafika kunyumba, phikani. Ngati pangapite maola awili isanafike pamoto olo mu filiji yoyaka, kuli bwino kugula mawa.

Pa mbaula

Pa hafu kilo ya minsi mufunika anyezi mmodzi wamkulu, tumano tutatu twa galiki, tomato awili akupsa, saladi masupuni awili aakulu, na madzi hafu kapu. Zokometsela ni izi, poyeza na kasupuni ka tiyi: paprika tuwili, cumin kamodzi, mchele kamodzi, mpilipili wogaya theka. Ngati mungapeze oregano, tsinani pang'ono. Cumin ni amene amabweletsa fungo lija la taco. M'mashopu a amwenye ku Kamwala mukamufunse na dzina lakuti jeera. Tumapaketi tolembedwa taco seasoning tuli na zinthu zomwezi, kuwonjezela mchele wambili na ufa wolimbitsa supu, koma mtengo wake ni wa kumayadi. Curry musaikemo, chifukwa zizamveka monga samusa.

Cholakwa chimene ambili timachita ni kuphika minsi monga nyama ya nsima: mu poto, na madzi, na tomato, zonse nthawi imodzi. Imatuluka yotuwa, yomveka monga yowilitsa chabe. Pa taco nyama iyamba yakazingidwa. Malasha ayake bwino, afiile, pani itenthe, saladi ilowe. Ikani minsi, muiyale pa pani yonse, ndipo muileke kwa mphindi ziwili olo zitatu osaigwila. Dzanja lizafuna kuvundula, likanizeni. Pansi pakapsa mofiilila, m'pamene mutembenuze na kuphwanya zibuma na mthiko. Kufiilila kumeneko ndiye kukoma kwake. Ngati pani ni yaing'ono, kazingani kawili, theka-theka, chifukwa nyama ikapanikizana monga ife mu basi ya 17 hours imatulutsa madzi n'kuyamba kuwila.

Nyama ikafiilila, ikankhileni kumbali, pakati muikepo anyezi wodula-dula kuti afewe, kenako galiki. Manje thilani zokometsela zonse mu mafuta, muvundule kwa mphindi imodzi chabe. Fungo la cumin na paprika limatuluka mu mafuta otentha, koma mukachedwetsa paprika amapselela n'kuwawa. Mukamva fungo lafika pa khomo la aneba, ikani tomato na madzi aja. Phungulani malasha, vindikilani, ziwile kwa mphindi 10. Vundukulani, madzi aphwe mpaka supu ikangamile ku nyama. Minsi ya taco siyenela kuyenda mu mbale. Ikakhala na supu yambili imanyowetsa chokulungila, n'kudontha pa malaya. Lawani mchele, mufinyilemo ndimu pang'ono.

Hafu kilo payokha sifika patali, choncho ichulukitseni. Mapotato awili odula tuzidutswa tung'ono monga njele za chimanga alowe pamodzi na tomato, muwonjezele madzi pang'ono na mphindi zina zisanu. Kapu imodzi ya binzi zotsala dzulo, kaya ni kabulangeti kaya za ku Solwezi, ilowe kumapeto. Olo soya pieces zonyika m'madzi otentha, zofinya bwino na kudula-dula, zikazingidwe pamodzi na minsi kuyambila pachiyambi kuti zimwe mafuta a nyama. Mukachulukitsa, wonjezelaniko mchele na zokometsela pang'ono.

Chifukwa chake unga wathu umakana

Ulendo woyamba ninaganiza kuti popeza tortilla ya ku Mexico ni ya chimanga, unga wa breakfast ungachite. Ninakanda na madzi, n'kuika pa pani. Ponyamula inasweka-sweka monga dothi louma. Ninayesa roller, chimodzi-modzi.

Chinsinsi chawo chili pa kakonzedwe ka chimanga. Asanagaye, amachiphika na kuchinyika usiku wonse m'madzi a laimu wa zakudya olo a phulusa, njila imene makolo awo anaitulukila zaka masauzande zapitazo. Ni nzelu yofanana na ya chidulo chimene agogo amaika mu delele. Gaga amachoka, ndipo chimanga chikagayidwa chikali chonyowa chimagwilana n'kukhala phala lokandika. Njila iyi imamasulanso vitamini wochedwa niacin, amene kusowa kwake kumabweletsa matenda a pellagra kwa anthu odalila chimanga chokha. Unga wa pa chigayo sunapite mu njila imeneyo, ndiye chifukwa sugwilana. Chenjezo: laimu wopakila nyumba wa ku hardware si wa mu poto.

Ife tigwilitse nchito fulawa ya tiligu, ndipo sitikubela, chifukwa kumpoto kwa Mexico nakonso amadya tortilla ya tiligu. Makapu atatu a fulawa, kasupuni ka mchele, masupuni anayi aakulu a saladi, na kapu imodzi ya madzi ofunda. Kandani mpaka ileke kukangamila m'manja, vindikilani na nsalu, ipume hafu awa. Dulani tumipila 12. Kalikonse katambasuleni na botolo loyela la galasi mpaka kapyapyale, kukula kwake monga sosala. Pani ikhale yotentha, yopanda saladi. Mphindi imodzi olo kuchepelako mbali iliyonse, pakaoneka madontho ofiilila chotsani. Muziunjika mu nsalu yoyela kuti nthunzi izifewetse. Amene adziwa kupanga chapati waona kale kuti kusiyana ni kochepa: iyi ni yopyapyala ndipo siikazingidwa mu mafuta.

Pamwamba pa nyama pamafunika chinthu chozizila na chowawasa. Kabichi yodula mopyapyala, tomato na anyezi wosaphika wofinyila ndimu, mpilipili kwa amene afuna, kotapela ikakhala nyengo yake. Tchizi si lamulo.

Koma pa zosaphika apa tiimepo. Tonse tikumbuka cholera imene inayamba mu October 2023, pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula mpaka February 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalila m'dziko muno. Kabichi na tomato zitsukidwe na madzi owilitsa olo oika klolini, osati a pa chitsime cha kuseli kwa nyumba. Mpeni na thabwa zimene zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze kabichi zisanatsukidwe na sopo. Nthawi ya mvula, madzi akasefukila mu Kanyama na Chawama, kabichi ikazingeni pang'ono. Kukoma sikuchepa kwenikweni.

Masamu ake

Kwa ine hafu kilo ya minsi, mapotato awili na kapu ya binzi zinadzaza ma taco 12, iliyonse masupuni awili. Nyumba ya anthu 6, aliyense awili-awili, ndipo nyama imveka paliponse pamene waluma. Minsi yomweyo mu poto ya supu, pa nsima, mudziwa mmene imathela: wamkulu apatsidwa, wamng'ono anyambita mthiko.

Mitengo isintha sabata iliyonse, choncho welengani mwekha. Phatikizani minsi, fulawa, saladi, zokometsela, kabichi, tomato, malasha na ya basi yokagula, mugawe na 12. Chimene chatuluka muchiyelekeze na mtengo wa samusa olo meat pie pa geti ya kampani. Wopita ku nchito angakulunge awili mu pepala la foil, nyama itatenthedwanso m'mawa mpaka kuwila, kabichi payokha, n'kudya pa tea break osayembekeza 13 hours.

Amene aganiza zogulitsa aonenso izi. Taco ili na mwayi umodzi pa samusa: siimila mu saladi, ndipo saladi ni imene imadya phindu la azimai ambili a mabaketi. Koma ili na vuto lake. Minsi yophika siyenela kukhala yofunda chabe mu baketi kuyambila m'mawa mpaka masana. Ifunika kukhala pa mbaula, yotentha, kuomoledwa pamene kasitoma waima. Ikachoka pamoto, isapitilile maola awili. Yotsala madzulo popanda filiji yoyaka isabwelele mawa. Kasitoma wa pa Mungwi Road ni yemweyo tsiku lililonse, ndipo akatsegula m'mimba kamodzi, shifiti yonse izadziwa dzina lanu.

Palinso malamulo. Food Safety Act ya 2019 ikhudza aliyense wogulitsa chakudya, ndipo a Lusaka City Council amafuna kuti wogwila zakudya apimidwe na kukhala na satifiketi, komanso agulitsile pa malo ololedwa. Amene analipo mu January 2018, pamene asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu chifukwa cha cholera, adziwa kuti kapito ingathe m'mawa umodzi. Kukambilana na mwini kantini amene ali na mapepala kale, kuti muike mbaula yanu pambali pake, kungakhale poyambila pabwino.

Pa Sondo yapita ninaphikanso, nyumba yonse ilipo. Ana anapanga mzele pa mbaula, aliyense na kachapati kake m'manja, kudziikila yekha kabichi. Anti aja a viniga anafunsa dzina la cumin kawili, n'kulilemba kuseli kwa lisiti. Amalume anadya anayi, gawo lawo na langa lomwe, anapukuta pakamwa, anayamikila kwambili. Kenako anayang'ana ku khichini n'kufunsa kuti nsima ibwela nthawi yanji.